Manda a Lameki pa Geti la Kashembe

1973

Za ubwana wanga ndilumpha, ana anga, chifukwa mulibe zambiri koma ng'ombe za eni ake ndi minga kumapazi. Sukulu ndinailowa ndevu zitayamba kale kumera, ndipo ndinkakhala pa benchi limodzi ndi tiana timene tinkanditcha malume. Ndinapirira mpaka ndinatha kuwerenga ndi kulemba mosathandizidwa, ndipo ndi kamaphunziro kochepako ndinalembedwa ntchito ku boma la Lundazi, mu nthambi yolimbana ndi kashembe, ntchentche ija yoluma imene imapha ng'ombe ndi kupatsa anthu matenda a kaodzera. Ntchito imeneyi ndinaigwira m'malo osiyanasiyana mpaka kupuma, koma pano ndilemba za malo oyamba okha, chifukwa ndi kumene ndinatsala pang'ono kutaya amayi anu. Zikanatero, inu nonse amene munabadwa pambuyo pa Tiwonge simukanakhalapo. Mbali ina ya nkhaniyi munaimva kale kwa amayi anu ndi kwa amalume anu. Ine sindinakukhazikeni pansi n'kukuuzani, ndipo mpaka lero pakamwa imandivuta, n'chifukwa chake ndatenga cholembera.

Anandituma ku geti la pa msewu wotsikira kuchigwa, m'mphepete mwa nkhalango ya Lukusuzi. Getilo linali mtengo wautali wopingasa msewu, pambali pake shedi yaikulu ya malata ndi tinyumba tiwiri ta ife alonda, ine ndi mnzanga Mbewe. Mudzi wapafupi unali kutali, wofuna kulawirira. Ntchito yathu inali yoti kashembe asakwere kuchoka kuchigwa kupita kumtunda kumene kuli ng'ombe za anthu. Lole ikafika tinkailowetsa mu shedi, n'kutseka zitseko, n'kuipopera mankhwala pansi, m'matayala ndi m'katundu. Wa njinga ndi woyenda pansi tinkamuimitsa n'kumuzungulira ndi kaukonde kam'manja, makamaka kumsana, pakuti kashembe amakwera pamsana pa munthu n'kuyenda naye mtunda wautali mwini wake osadziwa.

Amene anatitula kumeneko ndi galimoto ya boma anali bwana wathu a Sakala, munthu wa ku Chipata, wamfupi, wokonda kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo. Sanali woipa mtima, koma ankakonda kuopseza. Tikutsitsa katundu anandiitanira pambali, koma analankhula mokweza ngati ali pamsonkhano wa Chipani.

"Phili, mvetsetsa. Geti iyi ni mkazi wako woyamba. Uyo wabwela naye ni wachiwili. Ukaisiya yeka olo tsiku limodzi, usabwele ku ofesi kuzafunsa, ungopitilila kumunzi kwanu."

Amayi anu, NyaJere, anali atabereka mwana wathu Lameki kumbuyo, akumasula mtolo wa miphika. Galimoto itachoka anati, "Ndiye akazi aakuluwo aziphika okha nsima yanu." Tinaseka. Iwo ndi a kwa Kapichila, kwa anthu a ng'ombe, ndipo ine Mchewa ndinawakwatira mwa mwambo wa kwao, wopereka ng'ombe, amalume anga akupukusa mutu. Anali munthu wa tchalitchi kuyambira ali mwana, ndipo Lamulungu lililonse, ngakhale m'tchire muja, ankavala nsalu yoyera n'kuimba okha pakhonde. Ine ndinali wobatizidwa, koma Mulungu ndinkamuona ngati a Sakala, bwana amene amakhala kutali, amabwera mwadzidzidzi, ndipo chofunika n'chakuti asakupeze utalakwa.

1976

Lameki anali ndi zaka zinayi, mwana wolongolola, wofunsa dzina la dalaivala aliyense. Mvula itangoyamba, NyaJere anabereka Tiwonge, atathandizidwa ndi mayi wina wogulitsa nsomba amene anagona pageti. Mbewe anali atapita kutchuthi, ndinatsala ndekha pantchito. Masiku omwewo Lameki anayamba kutentha thupi. Ndinati ndi malungo, n'kumupatsa mapiritsi amene tinali nawo. Kutentha kunkatha n'kubwereranso. Kenaka anayamba kugona masana, ngakhale chakudya chili m'kamwa. Ine amene ndinkadya za kashembe ndinadziwa chimene ndikuona, koma ndinauza mtima wanga kuti sindikudziwa. Tsiku lina inafika lole ya matabwa yopita ku boma, kumene kuli chipatala. NyaJere, amene anali asanayambe n'komwe kuyenda bwino, anatuluka atagwirira khoma.

"Bambo a Lameki, kwerani naye. Geti ndiyang'ana ine."

"A Sakala akabwera n'kupeza mkazi pageti? Mbewe abwera Loweruka. Tidikire Loweruka."

"Kodi mwanayu akulidziwa Loweruka?"

Ndinakweza mtengo, lole inadutsa. Pambuyo pake kunagwa chimvula, mtsinje wa kumtunda unadzaza n'kudula msewu. Mbewe sanabwere, lole ina sinabwere, a Sakala amene ndinkawaopawo sanabwere. Nditaona kuti mwana sakudzukanso, ndinamubereka kumsana mpaka pamtsinje, koma madzi anandibweza. Anamwalira ndikubwerera naye.

Kwathu bambo sakumba manda a mwana wake. Pali adzukulu, anthu a mabanja ena, amene amakumba, kusambitsa ndi kunyamula, mwini maliro atangokhala pamphasa. Kwao kwa amayi anu n'chimodzimodzi, mudzi wonse umasonkhana, ndipo munthu amagona pakati pa makolo ake. Lameki ndinamukumbira ndekha, ndi khasu la amayi anu la kudimba, pansi pa msuku kuseri kwa shedi. Tinamukulunga m'bulangete lathu. NyaJere anayesa kuyambitsa nyimbo koma mawu anakana. Ine sindinapemphere. Ndinaunjika miyala pamwamba chifukwa cha afisi, n'kubwerera kukakhala pageti lopanda wodutsa. Msewu utatseguka tinatumiza uthenga kumidzi, koma nthawi inali itapita, ndipo abale analirira komweko, pakuti kwathu kuja kunali kosafikika. A Sakala atabwera anavula chipewa n'kuima nthawi yaitali pafupi ndi miyala ija. Kenaka anati, "Pepa, Phili. Ukanabwela naye chabe. Nani akanakuchotsa nchito cifukwa ca mwana?" Ankafuna kunditonthoza, koma mawu amenewo ndi amene anandithyola msana.

Mvula itatha NyaJere anandiuza kuti sangathe kumadutsa pa msuku paja tsiku ndi tsiku popita kukatunga madzi, tipemphe atisamutse. Ndinafunsa kuti nanga iye atsala ndi yani. Sananditchulire za lole ija ngakhale kamodzi, ngakhale kuti ine ndinkafuna atandikalipira. Patapita masabata angapo anamanga katundu wake, Tiwonge kumbuyo, n'kunena kuti, "Ndikakhala kwa adada. Mukakonzeka mudzatipeza." Ndinawakwezera mtengo ine mwini.

1977 ndi 1978

Zaka zimenezi zinali za kusowa. Sopo, mchere, mafuta ophikira ndi shuga zinkapezeka mwa mphekesera, ndipo ukapita ku boma unkayamba waima pamzere kenaka n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Pakhomo la msika anyamata a Chipani ankafuna khadi usanalowe. Nsapato za ntchito zinaleka kubwera, tinayamba kuvala za matayala. Kenaka mankhwala opopera anatha. A Sakala anati tizingothira madzi m'pampu kuti anthu asazolowere kudutsa osaima, mankhwala akubwera mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo unatha chaka. Madalaivala anazindikira msanga chifukwa fungo linalibe. Wina ankati, "A Phiri, poti mwayamba kutsuka, tsukaninso galasi lakutsogolo." Chimene chinatsala chogwira ntchito chinali kaukonde kam'manja, ndipo ine ndinkakagwiritsa ntchito mwaukali, moti amalonda ankadandaula kuti ndimawazungulira ngati mfiti.

Mbewe anasamutsidwa, kunabwera wina, nayenso anasamutsidwa. Palibe amene ankafuna kukhalitsa kumeneko koma ine. Kawiri a Sakala anandipezera malo abwino kufupi ndi boma, kawiri ndinakana. Tsitsi ndi ndevu sindinamete kuyambira tsiku lija, sikuti ndinalumbira, koma dzanja silinkafuna kugwira lumo. M'mawa uliwonse ndisanapite pageti ndinkasesa pa msuku, kuzula udzu, kubwezera miyala imene nyama zagwetsa, n'kumuuza Lameki nkhani, kuti dzulo kunadutsa lole ya thonje, dalaivala wake ndi uja wa chala chodukayu, njovu zinathyola mpanda wa kudimba. Kwa Kapichila ndinapitako kamodzi. Ndinagona usiku umodzi, ndikuganiza za afisi, ndipo m'mawa ndinabwerera Tiwonge asanadzuke. Ndinkadziuza kuti ndikulipira mlandu. Ndinamusiya mwana chifukwa cha geti, ndiye ndikhale pageti pomwepo mpaka nane ndidzagone pambali pake. Kachasu wa amalonda a nsomba ankandithandiza kugona. Za Mulungu sindinkakana kuti alipo, ndinkangodziwa kuti mlandu wanga uli kale patebulo pake ndipo palibe chifukwa chopitira kukadzionetsa.

1979

Chaka chimenechi mpingo wina unatuma mlaliki woti aziyendera akhristu a m'midzi ya kuchigwa. Anali a Chirwa, mkulu wowonda, Mtumbuka, wa njinga yolira ngati nkhanga. Ankatsika kumayambiriro kwa mwezi n'kukwera patapita masabata awiri, atavala jekete lakuda ngakhale dzuwa liswe mtengo. Kashembe amakonda chakuda, ndiye munthu ameneyu ankafika pageti atanyamula gulu lonse kumsana.

"Monire, a geti."

"Yewo. Tsikani, tembenukani. Jekete ili ndi limene likukuitanirani zinthuzi. Bwanji osavala choyera?"

"Ndili nalo limodzi lomweli. Ndikalivula, akhristu a kuchigwa aziti kwabwera wogula nsomba. Mwapeza angati lero? Musawaphe onse, amenewo ndiwo akhristu anga okhulupirika, sanditaya panjira."

Ankapumula pamthunzi wa shedi, kutulutsa chinangwa chootcha n'kundigawira osafunsa ngati ndikufuna. Chimene chinandidabwitsa chinali kapempheredwe kawo. Sankasintha mawu kapena kukweza, ankangolankhula ngati pali munthu wachitatu wakhala nafe pa chipika. "Atate, tafika pageti. Miyendo yatopa. Za tayala lakumbuyo mukuzidziwa. Pano pali a Phiri, chimene chikuwadya ine sindikuchidziwa, Inu mukuchidziwa. Zikomo chifukwa cha chinangwa." Ndinawauza kuti asamanditchule m'mapemphero awo. Anavomera. Ulendo wotsatira anati, "Atate, pano pali munthu wina amene wakana kutchulidwa, ndiye sindimutchula." Ndinaseka mosafuna, ndipo kanali koyamba kuseka kuchokera pamene amayi anu anachoka.

Malo osesedwa a pa msuku anawaona, koma sanafunse. Tsiku lina anatulutsa m'chikwama Baibulo lakale lopanda chikuto n'kunena kuti likuwalemera pokwera phiri, ndiwasungire. Ndinadziwa kuti ndi msampha, koma masana pageti ndi aatali. Ndinayamba kuwerenga ndi chala, pang'onopang'ono, monga munthu wophunzira atakula. Zambiri sindinkamva. Chimene ndinaona n'chakuti m'bukumo muli anthu ambiri olakwa, ena oposa ine, ndipo Mulungu sanaleke kulankhula nawo. Zimenezi zinandikwiyitsa m'malo mondisangalatsa, chifukwa ndinali nditazolowera kukhala munthu wotsutsidwa, ndipo sindinkafuna wina andisokoneze.

M'mawa wina ndikusesa, ndikumuuza Lameki za lole ya dzulo, ndinangozindikira kuti sindikulankhulanso ndi iye. Ndinali kunena kuti, "Inu amene muli naye, ali bwanji kumeneko? Akudya? Chifukwa chiyani simunauze mvula kuti idikire? Kupusa kunali kwanga, bwanji simunatenge ine?" Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kulemba, tsache lili m'manja. Nditatha ndinachita mantha, ndinayembekeza kuti china chindigwera. Palibe chinagwa. Njiwa zinkalira monga mwa masiku onse. Koma ndinamva mumtima kuti mawu anga sanagwere pansi, alipo amene wawamva ndipo sanachoke. A Chirwa atadutsa ndinawauza zonse, kuyambira pa lole ya matabwa, n'kumaliza ndi kunena kuti tsopano ndawonjezera mlandu, ndakalipira Mulungu.

"Ndiye mwayamba kupemphera," anatero.

"Kukalipa kuja?"

"Mwana akamalira uku akumenya pachifuwa pa atate ake, amakhala ali m'manja mwa yani?"

Kuyambira pamenepo ndinkalankhula ndi Mulungu m'mawa uliwonse, tsiku lina mokwiya, tsiku lina mongofotokoza. Kachasu ndinayamba kumuiwala. Koma pa msuku sindinaganize zochokapo.

1980

Mvula itangotha kunabwera mlamu wanga Jere, mchimwene wake wa amayi anu, pa njinga imene tayala lake analitsendera udzu chifukwa machubu kunalibe. Anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pa chipika n'kundiyang'ana ndevu.

"Mulamu, ndatumidwa ndi adada. Mlongo wanga si wamasiye, si wokwatiwa, anthu sadziwa pomuika. Pali mphunzitsi wina mkazi wake anamwalira, wayamba kufunsa. Adada akuti tikamaliza kukolola, mukapanda kuoneka, ng'ombe zanu azibweza, nkhani ithe."

"Iye akuti bwanji?"

"Iye sanena kanthu, n'chifukwa chake tadikira zaka zonsezi. Koma Tiwonge wafika msinkhu umene anafera mnzake uja, ndipo akafunsidwa za atate ake amaloza ine. Inu mukulondera wakufa, wamoyo mwasiyira ife."

Sabata yomweyo a Sakala anabwera ndi nkhani yakuti kukufunika munthu woyang'anira misampha ya kashembe m'madambo odyetsera ng'ombe, kufupi ndi kwa Kapichila komweko. Mwina Jere anali atadutsira ku ofesi kwawo, sindinafunse. A Sakala anati, "Iyi ni yothela, Phili. Mwezi ukasila nizatuma lole. Ukwele olo usakwele, ine sinizakufunsanso."

Masiku amenewo ndiwo anali ovuta kuposa onse, chifukwa tsopano ndinkafuna kupita. Mtima umene unali utafa unali utayamba kulakalaka mawu a NyaJere ndi nkhope ya mwana amene sindinkamudziwa. Koma ndikangoganiza za udzu ukumera pa miyala ija, mlonda watsopano osadziwa n'komwe kuti pali munthu, ndinkabwerera m'mbuyo. A Chirwa atafika akuchokera kuchigwa ndinawauza kuti ndalephera. Mwanayu ali yekha m'tchire, palibe agogo ake, palibe m'bale, ndinamutaya kamodzi, ndimutayenso kachiwiri? Sanandiyankhe ndi ulaliki. Anafunsa kuti maliro ake anadzakhuza ndani. Ndinati palibe. Anafunsa kuti anakumba ndani. Ndinati ine. Anavula chipewa.

"A Phiri, ine ndimaganiza kuti mukuumirira chabe. Kani inu mukadali pamaliro. Palibe amene anabwera kudzakhala nanu, ndiye palibenso amene anaimirira kunena kuti maliro atha, anthu abalalike. Munthu sadzibalalitsa yekha."

Anatembenuza njinga n'kubwerera kuchigwa kumene anachokera.

Patapita masiku angapo, dzuwa litakwera, ndinamva kulira kwa amayi kumunsi kwa msewu. Ndinaganiza kuti abwera ndi maliro opita kumtunda, ndipo ndinatenga kaukonde kanga. Anatulukira pokhota, a Chirwa patsogolo akukankha njinga, abambo pambuyo pawo, kenaka amayi atasenza ufa, nkhuni ndi miphika, wina atakolekera nkhuku m'khwapa. Anali akhristu a kuchigwa, anthu amene ndinkawazungulira ndi kaukonde zaka zonsezi osawafunsa ngakhale dzina. Ankalira ngati mwana wamwalira dzulo, akutchula dzina lake. Mayi wina wachikulire anandilanda kaukonde n'kupatsa mnzanga wa pageti.

"Namfedwa sagwira ntchito. Khalani pansi, mwana wanga."

Anandiyalira mphasa. Abambo ankabwera mmodzimmodzi, kugwada, kundigwira dzanja n'kunena kuti pepani, kenaka n'kukhala pambali panga. Amayi anasonkha moto kuseri. Wina anamasula kansanza m'mene munali mchere wosadzaza dzanja, m'chaka chimene mchere unkabisidwa ngati mankhwala, n'kuuthira wonse mu ndiwo. Dzuwa litapendeka tinapita pa msuku. Anaimba nyimbo zimene amayi anu analephera kuyambitsa tsiku lija. Abambo awiri anazika mtanda wa mlombwa umene anasema kwawo. A Chirwa anapemphera monga mwa kapempheredwe kawo.

"Atate, mwana uyu wakhala ali kwa Inu kuyambira tsiku lija. Sanagonepo yekha ngakhale kamodzi. Amene sanadziwe ndi mlonda wakeyu. Zimene analakwa wakuuzani yekha, ndipo Mwana wanu anazisenza kale. Tsopano watopa. Mumasuleni apite kwa amoyo."

Pamenepo ndinalira kulira kumene ndinakusunga zaka zinayi, pamaso pa anthu, osachita manyazi. Nditatha ndinapempha chikhululukiro mokweza, kwa Mulungu ndi kwa Lameki, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinamve ngati ndikulankhula ndi bwana wodzayendera ntchito. Ndinamva ngati mwana amene wabwezedwa pakhomo atasochera, akumusambitsa asanamufunse kumene anali. Anthu aja anagona pageti monga amachitira pamaliro. M'mawa mwake a Chirwa anatulutsa lumo n'kunena kuti mpingo sulamula zometa, koma ndevu izi zikaopsa mwana. Anandimeta iwo eni, mutu ndi ndevu, akundicheka apa ndi apo, amayi akuseka kuti mlaliki akanakhala wometa akanafa ndi njala. Kenaka mkulu wina wa mpingowo anaimirira n'kunena kuti msewu uno ndi wawo, amadutsa popita kukagulitsa nsomba, ndipo mwana uyu tsopano ndi wa mpingo wawo, azidzalambula pamanda pake mvula ikatha. Anamaliza ndi mawu akuti maliro a Lameki atha, aliyense abwerere kwawo, ndi bambo ake omwe.

Sindikuuzani kuti kuyambira tsiku limenelo mtima unaleka kuwawa. Mpaka lero mvula yoyamba ikagwa ndimaiona lole ya matabwa ija ikudutsa, dzanja langa lili pa mtengo. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ndinkaiona ndili ndekha, tsopano ndimaiona ndili ndi wondigwira, ndipo ndimamuuza, monga ndimamuuzira zonse. Mwezi utatha, lole ya a Sakala itabwera, ndinasesa pa msuku komaliza, n'kusiya tsache pomwepo, n'kukwera.

Kwa Kapichila ndinayamba ndaonekera kwa apongozi, monga mwa ulemu. Ndinawapeza pakhola akuyang'ana mwana wa ng'ombe wodwala. Anandisiya nditagwada kanthawi ndithu asanatembenuke.

"Mwabwera kudzatenga ng'ombe zanu, a Phiri?"

"Iyayi, adada. Ndabwera kudzapepesa, ndi kudzapempha banja langa."

"Kupepesa ndamva. Koma amene mukumupemphayo ali ndi pakamwa pake. Ali kumunda, akuzula mtedza."

NyaJere ndinawapeza atawerama pakati pa mizere, atawonda kuposa mmene ndinawasiyira. Kamtsikana kanali katakhala pa mulu wa mtedza, ndipo katandiona kanathamangira kuseri kwa nsalu ya amayi ake. NyaJere anaweramuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, dothi lili m'manja.

"Mwameta."

"Andimeta."

Ndinawafotokozera za anthu a kuchigwa, za mphasa, za mtanda, za mchere wa m'kansanza. Anakhala pansi pa mzere. Anafunsa ngati anthuwo anaimba, ndinati anaimba. Anafunsa ngati amayi analira, ndinati analira kuyambira pokhota msewu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, Tiwonge akundisuzumira paphewa pawo.

"Nanga mwamusiya ndi yani?"

"Ndi Mwini wake."

Kenaka anati chikwatiraneni sanandimvepo ndikupemphera, ndipo ngati n'zoona zimene ndikunenazi, ndipemphere amve. Ndinagwada pa dothi pomwepo. Sindinadziwe mawu a m'tchalitchi, ndiye ndinangonena kuti, Atate, ndafika, awa ndi NyaJere amene ndinawalakwira, uyu ndi Tiwonge amene sandidziwa, zotsalazo ndithandizeni. Nditatsegula maso, NyaJere anali ataimirira kale. Anamukankhira mwana patsogolo pang'ono n'kumuuza kuti apereke moni kwa atate ake, ndipo iye anatambasula kadzanja kodzaza dothi, nkhope atayang'ana kumbali. Amayi anu analoza ndi chibwano mzere woyandikana ndi wawo.

"Uwo ndi wanu. Zulani, dzuwa likupita."